Khonde Lopanda Lisiti la a Clarrie Dohnt

Pa 14 Malichi chaka chino, m'kaofesi kena ku Whyalla, ku Australia, a Clarrie Dohnt anauzidwa kuti kwa a misonkho, khonde limene anamanga ndi manja awo silinamangidwepo.

A Clarrie anakalambira kufakitale ya zitsulo, akuwotcherera mpaka maso anachita chidima. Mu 1989 iwo ndi akazi awo a Noeleen anagula kanyumba ka malata kugombe, kufupi ndi Cowell, kopumulirako pa tchuthi. Tsopano kanyumbako akagulitsa. A Noeleen ali kunyumba yosamalira okalamba, ayamba kuiwala anthu, ndipo a Clarrie akufuna chipinda pomwepo akazi awo asanaiwale nkhope yawo. Koma poti kanyumbako sindiko kamene ankakhalamo masiku onse, phindu lake limadulidwa msonkho. Zolipira loya ndi wotsatsa nyumba, mayi Prideaux owerengera ndalama anazichotsa bwinobwino pa phindulo.

"Nanga khonde, thanki ya madzi ndi chimbudzi?" anafunsa a Clarrie.

"Malisiti, bambo Dohnt."

"Lisiti la chiyani? Stavros ndinamulipira katoni ya mowa."

"Mowa sitingaulembe."

"Simungaupezenso, mayi. Unatha tsiku lomwelo."

Kugombe kuja zinthu zinkayenda choncho. Loweruka ukangokhoma msomali umodzi, anzako ankatulukira okha, nyundo kumanja. Stavros anali wa mapaipi. Bluey Hannigan ankabwera ndi matabwa amene palibe ankafunsa kumene achokera. Kupempha mnzako lisiti kunali kumutukwana. A Clarrie atayesa kutulutsa chikwama tsiku lina, Bluey anati, "Bisa kachikwamako, iwe. Ukufuna ndikuponye m'nyanja?" Masana a Noeleen ankawiritsa nkhanu mumgolo n'kuzikhuthulira pa nyuzipepala, anthu n'kumadya ndi manja, miyendo ili lendee pakhonde latsopanolo.

"Khonde lako lapendekera, Clarrie!"

"Wapendekera ndiwe, Bluey. Tula botololo uyang'anenso."

Stavros ndi Bluey onse anamwalira. Wochitira umboni palibe.

A Clarrie anayesanso. "Chabwino. Nanga msonkho wa kukhonsolo umene ndakhala ndikulipira chaka ndi chaka? Mapepala ake ndili nawo onse."

"Mukanagula pambuyo pa Ogasiti 1991 ukanawerengedwa," anatero mayi Prideaux. "Munafulumira, bambo."

Munafulumira! Munthu amene sanachedwepo kulipira n'kamodzi komwe, lero mlandu wake ndi kufulumira. Zimene alibe mapepala ake akuzikana, zimene ali ndi mapepala ake akuzikananso, ndipo ndalama zotsala sizikukwanira chipinda chija.

Chipindacho awasungira mpaka kutha kwa Juni. A Clarrie apempha kale a misonkho kawiri kuti pabwere munthu adzaone ntchitoyo ndi maso n'kunena mtengo wake, koma kuli zii. Inu a misonkho, mutumiza munthu kapena ayi? Yankhani Juni asanathe.