Mchenga pa Boti la Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaononga boti la ababa, ndipo chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinaliononga ndi khama, osati ulesi.

Botilo linali la faibala, pulasitiki yolimba ya tiulusi mkati, lopepuka, losakhala la matabwa kapena chitsulo. Ababa analipeza ku ntchito ya maiwe a nsomba komwe ankagwira, ntchitoyo itatha, ndipo kwa zaka zingapo ankanyamula nalo anthu, mpunga ndi matemba pa nyanja ya Chilwa. Kenaka nyanja inaphwa. Boti linabwera kwathu ku Domasi, n'kulivundikira kuseri kwa nyumba, padzuwa. Nkhuku zinkaikira mazira kunsi kwake, amayi ankayanika makaka pamwamba pake. Ababa anayamba kukonza njinga pamsika wa pa Naisi, ntchito yomwe sankaikonda m'pang'ono pomwe. Anasanduka munthu wosayankhulayankhula.

Poyamba botilo linali la buluu ngati yunifolomu yathu ya kusukulu. Patatha zaka zitatu lili padzuwa linangoti mbuu, moti ukalisisita dzanja linkayera ngati wagwira choko.

Mvula itabwerera nyanja n'kudzazanso, amalume, achimwene awo a amayi, anafika ndi uthenga. Loweruka lole yawo inkapita kunyanja yopanda kanthu kukatenga mpunga, ndipo akanatha kunyamula boti. Anachenjeza kuti mwezi umenewo ulendo unali womwewo basi. Tsiku limenelo ndinamva ababa akuimba mluzu, chinthu chomwe ndinali nditaiwala.

Anapita ku Zomba n'kubwera ndi sandipepa wakuda, wosalala ngati pepala la m'kope, ndi chitini cha polishi wa galimoto. Kuyambira Lolemba ankanyika sandipepayo m'ndowa ya madzi n'kumasisita boti pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda. Pofika Lachitatu anali atangomaliza kutsogolo kwa mbali imodzi. Ine ndikuonerera mtima unkachita kundiwawa. Abale, munthu wamkulu kutha masiku atatu pa kamalo kotere, Loweruka lili pakhomo?

Muyenera kudziwa kuti pa nkhani yotsuka mapoto, pamudzi pathu panalibe wondiposa. Ndi mchenga wa mu mtsinje wa Domasi, phulusa ndi chitsononkho, poto wakuda bii ndinkamusandutsa kalilole. Amayi a kumtsinje ankauza ana awo kuti, “Taonani mnzanu Esinati.” Mutu unandikula, sindibisa.

Lachinayi ababa ndi amayi anapita ku maliro cha ku Mishoni. Inali holide, ndinatsala ndekha pakhomo. Ndinatsikira kumtsinje, ndinadzaza beseni ndi mchenga, n'kusankha mbali yomwe ababa anali asanaikhudze. Ndinkafuna akabwera apeze theka la ntchito latha.

Poyamba zinayenda bwino kwabasi. Choko chija chinachoka msangamsanga, buluu n'kutulukira, ine n'kuseka ndekha. Ndiye ndinachita monga ndinkachitira ndi poto: ukaona kuwala, onjeza mphamvu. Buluu uja anayamba kuzilala. Ndinati mwina ndi litsiro lina, ndinakwechabe. Kenaka panaoneka chikasu, ndipo chitsononkho chinayamba kukodwa mu tiulusi tonga ta thumba lakutha. Nditathirapo madzi kuti ndione bwino, ndinapeza chibala chachikulu ngati lichero. Ndinathamangira mphasa, ndinaphimba pamalopo, n'kuyanikapo makaka ngati palibe chachitika.

Koma mikono inayamba kuyabwa. Ndinasamba ndi sopo, ndinadzola mafuta, sizinathandize. Makolo pobwera madzulo anandipeza pakhonde ndikudzikanda mpaka m'zigongono.

“Wadutsa mu chitedze iwe?” anafunsa amayi.

Ndinati eya. Ababa anandigwira dzanja, n'kutembenuzira mkono wanga kudzuwa. Pakhungu pankanyezimira tizinthu ting'onoting'ono. Iwo anagwirapo ntchito ndi faibala, ankadziwa kuyabwa kwake. Anandisiya n'kulunjika kuseri. Ndimakumbukira kuti anayamba aola makaka onse bwinobwino n'kuwaika m'dengu, kenaka ndi pomwe ananyamula mphasa. Anasisita chibalacho ndi chala, n'kundiitana.

“Esinati, bwera ndi kapu ya madzi.”

Anathira theka pomwe anakonza iwo. Madzi anangotsetsereka n'kugwa pansi. Theka lina anathira pa chibala changa. Pamalopo panada, madzi n'kulowa ndikuona.

“Ndimafuna ndikuthandizeni, ababa,” ndinatero ndikulira.

“Ndadziwa. Koma poto ukamukwecha, pansi pake upeza poto yemweyo. Boti ili lili ndi khungu, ndipo ndi lopyapyala ngati chikhadabo chako. Ukalipyola, pansi pake upeza nyanja.”

Amayi ndiwo anakalipa. Anati safunsa anadya phula, n'kuthyola kanthambi ka pichesi kuwapatsa ababa. Ababa anakalandira, anakayang'ana, n'kukasomeka pa tsindwi la khitchini. Ine ndikanakonda akanandikwapula, chifukwa chomwe chinatsatira chinali chowawa kuposa mkwapulo.

Mankhwala omatira faibala, otchedwa rezini, ku Zomba kunalibe. Ankayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo woti awabweretse anali mnzawo wina wa ababa woyendetsa minibasi, amene sakanafika nawo Loweruka lisanakwane. Loweruka m'mawa lole ya amalume inaima pamsewu n'kuliza hutala. Ababa anapita kukawauza kuti azipita. Ndinawaona ataima m'mbali mwa msewu, manja kumbuyo, mpaka fumbi litatha. Kenaka anatenga thumba la masipanala ulendo wa pa Naisi. Mluzu uja sindinaumvenso, ndipo ndinkadziwa amene anautseka.

Rezini atafika, ababa anamata chibalacho okha. Fungo lake linali lolasa m'mphuno, nkhuku zomwe zinathawa. Pataumitsitsa anandiitana n'kundipatsa sandipepa wonyowa.

“Mbali iyi ndi yako. Unaiyamba, uimalize.”

Ndinaopa kuikhudza. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa, n'kumaliyendetsa mozungulira, mopepuka. Anandiuza kuti ndiziyang'ana madzi otsika pabotipo, osati botilo. Madzi akamatsika oyera, ndiye kuti ndikuchotsa khungu lakufa. Akangoyamba kuoneka buluu, ndasiya choko ndayamba kudya boti, pamenepo ndiime. Ndinatha masiku asanu ndi limodzi, zala zitachita makwinya ndi madzi, ndikuimaima kufunsa, “Ababa, apa pakwana?” Pambuyo pake tinapaka polishi ndi nsanza ya malaya awo akale, kupaka, kudikira aume, kupukuta, mpaka mikono kulema. Buluu anabwerera moti mtengo wa papaya unkaonekamo. Chigamba chokha ndicho chinatsala chotuwa, polishi sanachimve.

Boti linapita kunyanja patatha mwezi wathunthu. Anthu amene ababa ankawanyamula kale anali atazolowera maboti ena, ndipo zinawatengera nthawi kuti awabweze. Chaka chimenecho nsapato za Khirisimasi sitinazione, koma palibe anandiloza chala.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo dzanja langa likadali lolemera, ana a m'kalasi mwanga angakuuzeni. Ndazindikira kuti zambiri zomwe ndaononga pa moyo wanga sindinaziononge ndi zinthu zomwe sindidziwa. Ndaziononga ndi zomwe ndimazidziwa bwino, zomwe anthu amandiyamikira nazo, pozitengera pamalo posayenera osafunsa. Mwana akalakwa, mtima wanga umathamangirabe ku mchenga.

Ababa atakalamba, boti litabwereranso kuseri kwa nyumba, tsiku lina ndinawapeza atakhala pampando pafupi nalo. Ndinasisita chigamba chija n'kuwafunsa chifukwa chake sanandikwapule tsiku lija, pomwe ndinawatayitsa ulendo umene anaudikira zaka zitatu. Anaseka pang'ono.

“Ndinkafunitsitsa, mwanawe. Koma tsiku limenelo pakhomo pano chinthu chimodzi chinali chitakwechedwa kale mopyola. Ndinati ndisaonjezere chachiwiri, popeza rezini wa mwana sindinkadziwa kogula.”