Chala Pakhosi

Chaka chomwe sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anasefukira, ndipo boma linatola aliyense wodziwa kugwira choko. Inenso ndinatoledwa, ndili ndi satifiketi ya Fomu 4 yokha. Anandipatsa Sitandade 3 pasukulu ina chakufupi ndi Mkanda, kalasi ya pansi pa mtengo, bolodi lotsamira pathunthu. Ana ena anali aatali kundiposa. Chuma changa chinali chimodzi basi: ndikati "chete," ankakhaladi chete.

Ndiye kunabwera bambo wina woyendera sukulu, wochokera kuboma pa njinga yamoto, nsapato zili phuliphuli ngati sizinapondepo fumbi. Anakhala pampando wanga, ine n'kuyamba phunziro la Chingerezi la ziwalo za thupi.

"Touch your eyes," ndinatero. Ana anagwira maso.

"Taimani kaye, Madamu," anatero bamboyo. "Mwati agwire chiyani? Ine ndamva ice, madzi oundana a mufiriji. Kuno kuli firiji?"

Kundiitanira pambali kukanam'thyola mwendo? Anaimirira n'kundilamula kuti ndiike chala pakhosi, ana onse akuona.

"Nenani ssss. Pakhosi pali zii. Tsopano nenani zzzz. Mwamva kunjenjemerako? Eyes amathera pamenepo. Bwerezani."

Z sanali mlendo kwa ine. Ndinakula ndikunena zala, zipatso, kwa Zulu. Koma mawu athu sathera pa z, ndipo lilime la munthu wamantha silimvera mwini wake. Ndinabwereza kasanu, chala chili pakhosi, koma chotuluka chinali ice yemweyo.

"Awa ndiye aphunzitsi a matipate," anatero akuyang'ana ana. Anaseka, ana n'kumuthandiza kuseka.

Munthu ameneyo ndinamuda, sindibisa. Ananyamuka atamanga thumba la mtedza lomwe ahedi anam'patsa, n'kutisiyira utsi. M'mawa mwake nditati "chete," wina kumbuyo anayankha kuti "ssss," kalasi yonse n'kusanduka njoka. Dzina linapezeka tsiku lomwelo: Madamu Aisi. Ndinali ndisanakwapulepo mwana, koma sabata imeneyo ndinathyola kamtengo. Chete anabwerera, koma ana ankaopa kamtengoko, osati ine.

Ndinayamba kuyeseza ndili panjinga, dzanja lina pahandulo, lina pakhosi. Eyes, rise, peas. Amayi ochokera kudimba ankandicheukira ngati mutu wanga wasokonekera. Temu isanathe, z anakhazikika kumapeto kwa mawu, ndipo ndinamudikira munthu uja ndi mtima wowira.

Anabweradi, koma pansi pa mtengo sanafikepo n'komwe. Anasaina buku muofesi ya ahedi n'kulunjika kunjinga yake. Ndinam'tsekera njira, n'kumupatsa moni mu Chingerezi chonola bwino.

"Zikomo, mayi," anatero. "Kodi inu mumaphunzitsa pano?"

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njira yake ija imagwira ntchito. Ndinapita ku koleji, ndinabwerera ku sukulu yomweyo, ndipo mpaka lero ndimauza ana kuti aike chala pakhosi. Amagwira msanga. Nthawi iliyonse ndikamatero ndimaona nsapato zija.

Ana a pansi pa mtengo aja ndi makolo tsopano. Tsiku lina mmodzi wa iwo anabwera kudzalembetsa mwana wake wamkazi. Anavula chipewa, n'kuwerama mwaulemu wonse, kenako anamukoka mwanayo dzanja.

"Gwada, uwapatse moni Madamu Aisi."

Sankanyoza ayi. Dzina langa lenileni sankalidziwa.