Moto Kutsogolo kwa Chimbalangondo

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawerenga za madzi oundana a kumpoto kwa dziko ndili pampando mu ofesi ku Amereka, osawapondako. Kenako chaka china abwana anati ndipite nawo ndi gulu lathu la kafukufuku wa nyengo. Koma kumeneko kuli zimbalangondo zoyera, zimene munthu zimamuona ngati ndiwo, ndiye aliyense anayenera kukhoza kaye mayeso a mfuti. Wolephera atsale.

Ulendo woyamba ndinalephera, manyazi ake osanena. Pabwalo lophunzirira kuwombera, kupitirira Fairfax, mphunzitsi wathu, mzungu wachikulire wosaseka, anativeka magolovesi onenepa. Lamulo lake linali lakuti zipolopolo zinayi zilowe m'magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, koma mumpope wa mfuti musakhale kanthu mpaka ngozi itafika. Ine zipolopolo zitatu zinagwera m'fumbi. Anandipatsa milungu iwiri yoti ndikonzekere kubwereza.

Kunyumba ku Lanham ndinkayeserera ndi zipolopolo zapulasitiki, nditavala magolovesi otulutsira mbale mu uvuni. Amuna anga ankafa nako kuseka.

"Mayi a ana, inu nkhuku yomwe mumaopa kuzinga. Seriously, chimbalangondo?"

Ndinawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumtimamu ndinali ndi mantha.

Tsiku lobwereza zala zinamvera, zinayi zonse zinalowa. Kenako panabwera gawo limene sitinalidziwe. Mphunzitsi anatipatsa kamfuti kena kotulutsa moto wofiira ndi phokoso, koopsezera chabe. Chimbalangondo chakatoni chili pangolo chinayamba kutiyandikira, akuchikoka ndi chingwe.

Mnzanga woyamba, katswiri wosaka agwape, anachiboola pamtima chikadali kutali. Mphunzitsi anapukusa mutu: wapha nyama imene inkangodzidutsira. Wachiwiri anawomba moto uja, koma unakagwera kumbuyo kwa chilombocho. Mphunzitsi anathamangitsa ngolo mpaka inamugunda m'mawondo.

Apo ndinakumbukira munda wathu kufupi ndi nkhalango ku Kasungu. Njovu zikalowa m'chimanga, bambo anga ankatiimika pamodzi, aliyense ndi chitini chake, n'kutiuza kuti phokoso lizikhala pakati pa ife ndi njovu. Ukasokosa kumbuyo kwake, imathawira kwa iwe. Ndipo uisiyire njira yotulukira.

Nthawi yanga itafika ndinakokera anzanga awiri aja pambali panga kuti tioneke ambiri. Ndinakuwa m'Chichewa chenicheni, "Choka! Tiye uko!" mpaka anthu a mbali ina ya bwalo anatembenuka. Moto ndinauwombera pansi, patsogolo pa mphuno ya chimbalangondo chija. Chinabwerabe. Ndinawomba wachiwiri, kenako ndinatchera mfuti yaikulu, chala chili pambali, n'kudikira. Ngolo inaima, kenako inayamba kubwerera.

Mphunzitsi anandifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi. Nditatchula njovu, anaseka koyamba, n'kusaina pepala langa. Ndinasangalala ngati mwana, ndinavina pamalo oimika magalimoto osasamala za amene akuona.

Ndili m'galimoto momwemo ndinaimbira foni bambo anga ku Kasungu. Makutu awo ayamba kufooka, moti ndinafotokoza kawiri.

"Ndiye chinathawa?" anafunsa.

"Chinali chakatoni, bambo."

"Ine ndafunsa, chinathawa?"

"Chinabwerera."

"Osachipha?"

"Osachipha."

Kenako ndinawamva akuitana anthu panja, mawu ali m'mwamba: "Tabwerani mudzamve! Mwana wanga wapirikitsa chilombo ku Amereka!"