Thunthu la nthochi pambali pa Belita

A Makina a ku Jenala akhala mkulu wa adzukulu kuyambira ndevu zawo zisanachite imvi. Ndi munthu wamfupi, wouma ngati mtengo wa nandolo, koma pakamwa ndiye musayese. Maliro akagwa m'mudzi, woyamba kulasa khasu pansi ankakhala iwowo, ndipo makande a m'chigwa cha Phalombe, amene amathyola mipini m'chilimwe, sankawaopsa. Lamulo lawo linali limodzi, lomwe makolo anabwera nalo kuchokera ku Mozambiki: dzenje la manda siligona lopanda kanthu, likagona limaitana wina. N'chifukwa chake ankakalipira anyamata opupuluma kuti osakumba bokosi usanalione.

Ana awoawo analibe. Analera Promise, mwana wa mlongo wawo Belita. Belita ali pafupi kutsirizika anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu ndi wanu. Kulikonse angapite, adzagone pambali panga." Malo amenewo a Makina anawasunga zaka zonse, ndipo wofuna kukumbapo ankamuthamangitsa ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Madzi osefukira atakokolola munda, Promise anatsata anzake ku Joni kukagwira ntchito ya zomangamanga. Chifuwa chinamugwira komweko, ndipo sanadzukenso.

Amene anaimba foni ndi Laston, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Amalume, galimoto tapeza. Chatsala n'chilolezo cha khonsolo ya mzinda chotulutsira thupi. Lachisanu tifika."

Chisoni chimapusitsa, abale. Lachisanu m'mamawa, munthu yemwe uja wokalipira anzake anasenza khasu osadikira foni ina. Anafuna kuti mphwawoyo apeze nyumba yake ili yosalala. Anakumba okha pambali pa Belita mpaka m'chiuno asanalole wina kulowamo.

Dzuwa lili paliwombo, Laston anaimbanso, mawu ali zii. Sananyamuke n'komwe. Anati mbava za pa intaneti zatseka makompyuta onse a khonsolo, ndipo zikufuna dipo kuti ziwatsegule. Mzinda wonse waima: za madzi, za zinyalala, zilolezo, ngakhale mayina a anthu ogona kumochale, zonse zatsekeredwa m'menemo.

"Atseka ndi loko wamtundu wanji?" anafunsa a Makina. "Thyolani."

"Palibe loko, amalume. Mbavazo sizinafike n'komwe kuno. Akuti zili kudziko lina."

"Nanga kumeneko kulibe cholembera? Munthu mmodzi alembe kuti uyu ndi Promise, kwawo ndi ku Phalombe."

"Akuti sangalembe chimene kompyuta sinavomere."

A Makina anakhala pa mulu wa dothi. Anaona mbava zambiri pa moyo wawo, za mbuzi, za chimanga cham'munda, koma mbava yotsekereza maliro a munthu yemwe siimudziwa n'komwe, imeneyo inawakanika kuimvetsa.

Dzuwa linapendeka. Adzukulu anaima duu, pakuti wokumba dzenjelo anali mwini lamulo yemweyo. Mmodzi ananong'ona kuti mwina angovundikira ndi malata n'kudikira. A Makina anamuyang'ana, kenako anayang'ana ana amene ankasuzumira cha kumsewu. Anadzuka, natenga chikwanje, nakadula thunthu la nthochi kudimba kwawo. Analikulunga m'nsalu, nalitsitsira m'dzenje monga mwambo umanenera, ndipo dothi loyamba anaponya okha. Manda okwiriridwa safukulidwanso. Malo a pambali pa Belita anathera pomwepo.

Anadzitonthoza kuti thupi likafika adzapeza pena chapafupi. Koma makompyuta aja atatsegulidwa patapita masabata, zambiri zinali zitafufutika. Matupi osowa mayina khonsolo inakawaika m'manda a anthu osadziwika. Laston, poti nayenso mapepala ake okhalira kumeneko sanali olongosoka, anaopa kulimbana ndi maofesi. Anangotumiza chikwama cha zovala pa basi.

Chichokereni tsiku limenelo a Makina sanagwirenso khasu la kumanda. Maliro akagwa amakhala pansi pa mtengo ndi akuluakulu anzawo, osakalipira aliyense. Mvula ikamayandikira amapitabe kukalambula. Mtumbira wa nthochi uja amaupalira bwinobwino, n'kuukonza m'mbali ndi manja. Wa Belita amatuma wina, iwo atayang'ana kumbali.