Chaka Chomwe Tinaika Thunthu la Nthochi

Njinga ya amalume inali ndi mphira wofiira pachogwirira chimodzi, chinacho chinali chitsulo chokhachokha. Inabwera kwathu ku Kaseye pagalimoto ya boma, mwini wake palibe, mwezi umene mphepo ya ku Chitipa imang'amba milomo. Amalume anali atapita nayo kutsidya kwa malire kukagulitsa nyemba, monga ankachitira chaka chilichonse. Ena anati anamva mfuti kunjira ya kumtsinje. Palibe amene ananena zimenezi kawiri.

Amene anaibweretsa anali bambo wa ku ofesi, wochokera kummwera. Anakana mpando.

"Phepani, mama," anayamba m'Chitumbuka chake chothyokathyoka, kenako anabwerera ku Chichewa. "Nkhaniyi ili m'manja mwa maboma awiri. Tikalankhula msanga tiyambanitsa mayiko."

"Za mayiko sindikufunsa ine, bwana," amayi anatero. "Mlongo wanga ndimulire kapena ndisamulire?"

Bamboyo anangoyang'ana nsapato zake.

Kwathu munthu wamoyo samulira, kumulira n'kumuitanira imfa. Choncho amayi anameza misozi chilimwe chonse. Ankapita ku boma wapansi, n'kubwerako fumbi lili mpaka m'mawondo, yankho lomwe lija. Wailesi inkangonena za ubale wabwino ndi anansi athu. Mnzanga wina atafunsa kusukulu, aphunzitsi anayamba asuzumira pazenera, ndiye anati, "Za kumalire sitikamba muno." Kuyambira tsikulo galimoto ikalira kumsewu ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. M'kabuku kanga ndinkangolemba za nkhuku ndi mphepo. M'mawa ndinkapopa matayala a njinga ija kuti amalume adzaipeze yokonzeka.

Lero ndikudziwa kuti malire akanatsekedwa, mabanja ambiri akanagona ndi njala. Koma mtendere umenewo anausenza ndi amayi anga, ndipo palibe amene anawapempha.

Mvula itayandikira, akuluakulu a banja anati titsate mwambo wa munthu wosowa mtembo. Anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'bulangete la amalume, ngati munthu. Amayi anavomera mochedwa. Ine ndinkaganiza kuti amalume atulukira panjira n'kupeza manda awo, kapena kuti kulira kwathu kuwapha kumene ali. Nyimbo zitayamba, maso anga anali kunjira, osati kudzenje.

Kunjirako kunatulukira bambo wa ku ofesi uja, wapansi, wopanda galimoto. Sanapereke moni kwa aliyense. Anaima kumbuyo kwa anthu, n'kuvula chipewa. Amayi atamuona anasiya kuimba, ndipo analira kulira kumene sindinakumvepo, dzina la mlongo wawo lili pakamwa.

Ndinawakoka chitenje kuti asiye, angawaphe amalume. Sindinkamvetsa kuti chipewa cha munthu amene sanatiuze kanthu chingawaliritse bwanji chotero.