Dzina Limene Ndinaloza pa Khoma la Mlatho

Anzanga, ine ndi Aphunzitsi tinadziwana chifukwa cha sitepe yosweka.

Ndine mmisiri womanga nyumba, imvi zili mbuu, mkazi wanga anatisiya kalekale. Iwo anali mayi wamasiye, atapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anandiitana kuti ndikawakonzere sitepe ya pakhomo.

"Amisiri, yapendamatu iyi," anatero nditamaliza.

"Apendama ndi maso anuwo, mayi. Thirani madzi muone kolowera."

Anathiradi. Madzi anangoima pomwepo. Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Koma muli ndi makani inu!"

Patatha sabata anandiitananso, ati khoma lang'aluka. Mng'alu wake ngakhale nyerere sikanalowamo. Tinamwa tiyi, ndipo chikondi chinayambira pamenepo.

Chinthu chimodzi sindinawauze. Kusukulu sindinapondeko. Izi mukuwerengazi akulemba ndi mlamu wanga, ine ndikungoyankhula. Moyo wanga wonse ndinkangoti "ndaiwala magalasi", anthu n'kundiwerengera. Ndiye munthu wamkulu ngati ine ndikaulule zimenezo kwa mphunzitsi? Ayi ndithu.

Tsiku lina anati, "Tiyeni tikapitidwe mphepo weekend ino, kumzinda wakale uja wa mlatho waukulu."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Titatsika basi anapapasa m'chikwama, nkhope n'kugwa.

"Mayo, magalasi ndasiya patebulo! Amisiri, ulendo uno maso anga ndinu."

Anga ndinali nditavala, pamphuno penipeni, kuti ndioneke bwino. Pothawira panalibe.

Mzinda uja ndi wokongola, anzanga. Timisewu ta miyala, zitseko zolemera zachikale, nsanja ya wotchi yoti chipewa chimagwa ukamaiyang'ana. Koma paliponse pali kachikwangwani.

"Apa alemba chiyani?"

Ine ndinkasisita khoma, kuona m'mene miyala inakhalira, n'kupeka. "Akuti pansipa anamanga anthu aluso, pamwambapa anadzawonjezera alesi."

"Alemba kuti alesi?"

"Ndikukufupikitsirani."

Anaseka, n'kundigwira dzanja pakati pa msewu, anthu akuona. Ndinayenda ngati mzinda wonse ndinaumanga ndine.

Lamlungu m'mawa anagula maluwa osandiuza chifukwa. Tinafika pamlatho. Pambali pake pali khoma la mwala wakuda lodzaza zilembo, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Awa ndi mayina a anthu amene anafa pomanga mlathowu," anatero. "Bambo anga ali pomwepa. Ndinali ndi zaka zinayi, mtembo sitinauone. Zaka zonsezi ndinkaopa kubwera ndekha."

Anatchula dzina la bambo awo. "Ndipezereni."

Mlonda wa pamalopo anali atakhala pampando, chapafupi pomwepo. Ndinamuyang'ana. Ndinayang'ananso khoma. Ndinayendetsa chala pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa, mpaka pansi pakona, pamene zilembo zinasemedwa bwino kuposa zonse.

"Ndi awa."

Anagwada pamiyala ndi mawondo awo opweteka. Anapukuta zilembozo ndi mpango, n'kuika maluwa.

"Bambo, ndabwera. Onani, ndakalamba kuposa inu tsopano."

Anawauza za amayi awo, za ana, za zidzukulu. Kenako anati, "Ndabwera ndi munthu wabwino, womanga ngati inu. Ndi amene wakupezani."

Anandipatsa foni kuti ndiwajambule dzanja lili padzinapo. Ndinajambula. M'basi pobwerera anagona paphewa langa. Ine njira yonse ndinkadziuza kuti palibe chalakwika, bambowo amva ndithu, khoma ndi lomwelo.

Lachiwiri masana anandipeza kuntchito ndili pamakwerero. Magalasi awo ali kumaso, foni ili m'manja.

"Tsikani, Amisiri. Tandiwerengerani apa."

Ndinatsika. Anandionetsa chithunzi chija cha pamlatho.

"Apa alemba dzina la kampani imene inasema mwalawo. Ndinagwadira kampani. Ndinalirira kampani."

Amisiri anzanga anasiya kusakaniza simenti, makutu ali tcheru.

Anatsitsa mawu. "Simudziwa kuwerenga, eti? Mukanangondinong'oneza. Mlonda analitu pomwepo."

Apa mpamene ndikanati pepani. Koma manyazi anasanduka ukali.

"Nanga magalasi anaiwala ndani? Inu ophunziranu mumangofuna kutiyalutsa pagulu!"

Anandiyankha osalira, osakalipa.

"Bambo anganso sankadziwa kuwerenga. Amayi ankawawerengera makalata, ndipo palibe anawaseka. Sindinabwere kudzakuyalutsani. Ndimafuna ndimve pakamwa panu kuti chinachitika n'chiyani."

Anaika foni m'chikwama n'kumapita. Ine ndinakweranso pamakwerero, ngati kuti ntchito ikuchedwa.

Ndinadikira kuti ayambe ndi iwo kuimba foni. Sabata inatha, mwezi unatha. Ndinadzamva kwa oyandikana nawo nyumba kuti anabwerera kumlatho kuja ndi mwana wawo wamkazi. Dzina analipeza pamwamba, mbali ina, kutali ndi pamene ndinaloza. Pambuyo pake anasamukira kwa mwanayo, nyumba ija muli anthu ena.

Nambala yawo ikadali m'foni mwanga. Mlamu akuti tiimbe pompano, ine ndakana. Ndikayamba ndi mawu ati?

Anzanga, sukulu si imene inandilanda mayi uja. Munthu akakukhulupirirani kuti mumuonere, ndiye inu simukuona, nenani pomwepo asanagwade.