Ekiselo ya Ngolo ya Alamu

Ndinachoka kwathu kufupi ndi Mtenguleni nkhondo ya azungu isanayambe. Ndinkafuna pulawo ndi ng'ombe ziwiri, koma mtedza wathu sukanagula zimenezo. Mkazi wanga Agnesi anandikazingira chimanga, nandiperekeza mpaka pamtsinje.

Ku Buluwayo ndinalembedwa ntchito yomenya nyundo mushopu yosula zitsulo za sitima. Makalata ankatenga miyezi, ndipo ochokera kwa Agnesi ankamulembera ndi katekisiti, choncho munkangokhala za mvula ndi maliro. Ndalama ndinkapatsira anthu opita kumudzi. Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakhala pasiteshoni, kumvetsera ngati wina alankhule chinenero chathu.

Wosula wamkulu, bambo Chirwa a ku Nyasalande, ndiwo anandiphunzitsa kuopa chitsulo. Ankati ukachiotcha mbali imodzi n'kuchiviika m'madzi, kunja kumazizira msanga, m'kati n'kutsala mukukokana. Pamaso chimaoneka chabwinobwino, koma kukazizira chimathyoka ngati phale, osayamba chapindika. Ndinaziona ndekha m'mawa wina mu Juni: ngowe ya tcheni inaduka, katundu n'kuphwanya phazi la Tadeyo, mnzanga wa ku Mwami. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ndaotcha ndinkachikwirira m'phulusa kuti chizizire pang'onopang'ono.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi zinayi, nyengo yogulitsa thonje. Munda wathu ankalima ndi alamu anga a Lazaro, mchimwene wake wa Agnesi. Tsiku lachiwiri ndinawapeza akuwongola ekiselo, chitsulo chogwira mawilo a ngolo, pamakala, kenako anaithira ndowa ya madzi.

"Alamu, imeneyi musayende nayo mawa," ndinatero. "Tiiotchenso yonse, igone m'phulusa."

"Thonje agula mawa kutauni, ku Foti Jemisoni," anayankha. "Timachita chonchi chaka ndi chaka."

Ndinawafotokozera za Tadeyo. Anamvetsera akuyang'ana pansi, kenako anatuma kuti abweretse makala ena. Ngolo za anzawo zinapita, yathu inatsala. Thonje lathu linadikira sabata ina, mame akulinyowetsa pansi pa mphasa.

Ekiselo ija sinathyoke, ndipo sindidziwa ngati ikanathyoka. Koma masiku amenewo ndinkayenda monyada, poganiza kuti mudzi waona zomwe ndinaphunzira kunja. Tsiku lina tikumenya mtedza ndinauza Agnesi kuti achimwene ake ndi munthu womva.

Anaseka pang'ono osadzutsa mutu.

"Sanakhulupirire ayi. Anandiuza kuti mlendo sumukaniza chinthu choyamba chimene wapempha."

Ndinapitiriza kumenya mtedza uja. Mawa lake ndinalawirira kukhola, ndinawapeza a Lazaro akumanga goli. Ndinawapempha kuti andionetse malire a munda wanga, chifukwa ndinali nditawaiwala. Anandipatsa chingwe cha ng'ombe, iwo n'kutsogola.